Chala chimodzi sichigwetsa seva

Usiku wa pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampani ya GitLab anali atatha maola ambiri akulimbana ndi database imene inkalemedwa ndi ntchito. Kampaniyi imasungira anthu olemba mapulogalamu ntchito zawo pa intaneti, ndipo inali ndi maseva awiri a database: yaikulu yotchedwa db1, ndi inzake db2, imene ntchito yake inali kumangokopera chilichonse cholembedwa pa yaikuluyo. Usikuwo db2 inatsalira m'mbuyo mpaka kuleka kukopera. Kakonzedwe kake kanali kodziwika: kufufuta zonse za pa db2 kuti iyambirenso. Mkuluyo analemba lamulo lofufuta n'kudina. Posakhalitsa anazindikira kuti walemba pa windo la db1. Mmene ankaimitsa n'kuti pa magigabaiti pafupifupi 300 patatsala 4.5 okha.

Kufufutako sikunadabwitse anthu kwenikweni, chifukwa aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti tsiku lina dzanja lidzaterereka. Chodabwitsa chinali choti kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope a deta, koma itafika nthawi yozifuna, panalibe ngakhale imodzi yodalirika. Pulogalamu yopanga bakapu ya tsiku ndi tsiku inali yakale kuposa database yeniyeniyo, motero inkangolephera, ndipo maimelo onena za kulepherako ankakanidwa panjira osafika kwa munthu. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa maola pafupifupi 6 m'mbuyomo pa chifukwa china. Zonse zolembedwa m'maola amenewo zinapita, kuphatikizapo mapulojekiti pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700.

Nkhani zotere zikachitika, lipoti lake limakonda kutha ndi mawu akuti munthu ndiye analakwitsa. Mawuwa ndi akale. M'chaka cha 1985 Jim Gray, katswiri wa kampani ya Tandem, anaunika zifukwa zimene makompyuta a kampaniyo ankaimira, n'kupeza kuti gawo lalikulu, 42 pa 100 alionse, linkachokera ku kayendetsedwe ka makinawo: zochita za oyang'anira, kachunidwe ndi kakonzedwe. M'chaka cha 2003 ofufuza a ku Berkeley anaunika makampani atatu akuluakulu a pa intaneti n'kupezanso kuti m'makampani awiri mwa atatuwo, kulakwitsa kwa oyang'anira ndiko kunkatsogola. Nanga ngati anthu ophunzira bwino, olipidwa bwino, akulakwitsa mofanana kwa zaka makumi anayi, vuto lili mwa anthuwo kapena m'zida zimene tawapatsa? Ine ndimaona kuti funsoli ndi limodzi ndi lina lija lakale, loti n'chifukwa chiyani mapulojekiti a mapulogalamu amagwa.

Funso lachiwirili linayamba kuvuta kale. Mu 1968 bungwe la NATO linasonkhanitsa akatswiri ku Garmisch m'dziko la Germany chifukwa mapulogalamu akuluakulu ankachedwa, ankadya ndalama zoposa bajeti, ndipo akatha sankagwira bwino. Mu 1975 Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito ya OS/360 ku IBM, analemba buku la The Mythical Man-Month, mmene anasonyeza kuti kuthira anthu ena pa pulojekiti yochedwa kumangoichedwetsanso, pakuti atsopanowo amafuna kuphunzitsidwa, ndipo anthu akachuluka nthawi imathera m'kumvana. Mu 1994 kampani ya Standish Group inatulutsa lipoti lake lotchuka la CHAOS: mapulojekiti 16 pa 100 alionse ankatha pa nthawi yake ndi pa bajeti yake, 31 ankathetsedwa asanafike kumapeto, ndipo otsalawo ankafika movutikira. Manambalawa amatchulidwa m'misonkhano mpaka lero, ngakhale ofufuza ena anawatsutsa, ndipo chifukwa chawo n'chomveka. Lipotilo linkayeza pulojekiti ndi lonjezo loyamba la nthawi ndi ndalama. Ndiye kuti wonama amene anapempha zaka zitatu pa ntchito ya chaka chimodzi ankaoneka wopambana, pamene pulogalamu yabwino yochedwa ndi mwezi umodzi inkawerengedwa yovutika. Choipa kwambiri n'chakuti muyezo wotere sufunsa n'komwe ngati chinthucho chinathandiza munthu.

Tikasiya manambala n'kuyang'ana mapulojekiti enieni amene anagwa, timapeza kuti kawirikawiri vuto silikhala loti olemba mapulogalamu sadziwa kulemba. Boma la Britain linayamba mu 2002 ntchito yoika zipatala zonse za NHS ku England pa dongosolo limodzi la makompyuta. Makontirakiti anasainidwa mofulumira ku likulu, madokotala ndi anamwino asanafunsidwe mokwanira, ndipo chipatala chilichonse chinali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Mwa makampani opatsidwa ntchitoyo, Accenture inatulukamo mu 2006, kontirakiti ya Fujitsu inathetsedwa mu 2008, ndipo mu 2011 boma linalengeza kuti likuiphwasula ntchitoyo. Ndalama zake zinafika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Ku America, FBI inataya pulogalamu ya Virtual Case File mu 2005 itawonongapo madola pafupifupi 170 miliyoni, zofuna zake zitasinthasintha ndipo atsogoleri a ntchitoyo atalowana m'malo kangapo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Bwana aliyense watsopano amabwera ndi chake choti awonjezere, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu zonena kuti basi.

Vuto lina ndi loyatsa zonse tsiku limodzi. Bwalo la ndege la Denver linafuna makina onyamula katundu wa apaulendo okhaokha pabwalo lonse. Atawaonetsa kwa atolankhani mu 1994, zikwama zinang'ambika zovala n'kumwazika. Bwalolo linatsegulidwa mu Febuluwale 1995, litachedwa ndi miyezi 16, ndipo makinawo anasiyidwiratu mu 2005. Ku London, mu Okutobala 1992, dongosolo latsopano lotumizira maambulansi linayatsidwa lisanayesedwe mokwanira ndiponso ogwira ntchito asanalizolowere. Odwala anadikira maola, mpaka anthu anabwerera ku mapepala ndi mafoni.

Koma chimene chimapha mapulojekiti ambiri, m'kuona kwanga, ndi uthenga woipa umene sufika kwa woyenera kuumva. Wolemba pulogalamu amadziwa kuti tsiku lolonjezedwa silitheka, koma akauza womuyang'anira, uthengawo umafewetsedwa pa sitepe iliyonse, mpaka kufika kwa akuluakulu uli woti zonse zili bwino. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha Horizon, pulogalamu ya Fujitsu imene Post Office ya ku Britain inayamba kugwiritsa ntchito mu 1999. Pulogalamuyo inkaonetsa kuti ndalama zasowa pamene sizinasowe. Oyendetsa mapositi akadandaula, ambiri ankauzidwa kuti ndi iwo okha amene ali ndi vutolo. Anthu oposa 900 anapezedwa olakwa pa milandu ya kuba ndi chinyengo, ena anamangidwa, mpaka khoti lalikulu linagamula mu 2019 kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika. Pa mapepala Horizon inali pulojekiti yopambana: inaperekedwa, inayatsidwa, inagwira ntchito zaka zambiri. Ogwiritsa ntchito okha ndiwo ankadziwa kuti yagwa, ndipo iwowo ndi amene anasenzetsedwa mlandu.

Apa m'pamene zida zoyendetsera malo osungira deta zimalowera. Zambiri mwa izo ndi mapulojekiti opambana mwa mtundu womwewo. Zimachita zonse zimene zinalonjeza, koma zinapangidwa ngati kuti wozigwiritsa ntchito satopa, saiwala ndipo sasokoneza zilembo.

Taonani zimene woyang'anira seva ya Linux amadutsamo akafuna kungowonjezera malo mwa njira yakale. Amalowetsa madisiki atsopano. Makinawo amawapatsa mayina onga sdb ndi sdc, ndipo mayinawa akhoza kusinthana seva ikayatsidwanso, moti sdb ya dzulo ikhoza kukhala sdc lero. Amagawa madisikiwo ndi chida chimodzi, fdisk kapena parted. Amawamanga pamodzi kukhala RAID ndi chida china, mdadm, kuti imodzi ikafa deta isafe nayo. Pamwamba pake amaikapo LVM yogawira malo, imene ili ndi malamulo akeake atatu: pvcreate, vgcreate ndi lvcreate. Kenako amapanga dongosolo la mafayilo ndi mkfs, n'kulemba mzere m'fayilo ya fstab kuti zonsezi zizioneka seva ikayatsidwa. Akalakwitsa chilembo chimodzi mu mzerewo, seva ikhoza kukana kudzuka bwinobwino. Chida chilichonse chili ndi kalembedwe kake ka malamulo ndi katchulidwe kake ka kukula kwa malo, ndipo chapamwamba sichidziwa zambiri za chapansi pake. Pochepetsa malo, masitepewo ayenera kutsatidwa chobwerera, ndipo wochepetsa gawo la LVM asanachepetse dongosolo la mafayilo amadula deta ya eni ake.

Palinso dd, kachida kokopera disiki yathunthu. Lamulo lake lili ndi mbali ziwiri, if kochokera ndi of kopita. Mukazisinthanitsa, disiki yopanda kanthu imakopedwa pamwamba pa yodzaza, ndipo dd sifunsa, sichenjeza, imangogwira ntchito mwakhama mpaka kumaliza. Ngakhale wosagwira maseva amakumana ndi kachibale kake ka vutoli: mumagula disiki yolembedwa 1 TB, kompyuta ya Windows n'kukuuzani kuti ndi 931 GB. Palibe amene wakuberani. Wogulitsa amawerenga ndi 1,000 pamene kompyutayo ikuwerenga ndi 1,024, koma onse akulemba zilembo zofanana. Mayina osiyanitsa miyezo iwiriyi anakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mpaka pano chisokonezo chake sichinathe.

N'chifukwa chiyani zidazi zili chonchi? Choyamba ndi mbiri yake. Gawo lililonse linalembedwa ndi gulu lina, pa nthawi ina, pothetsa vuto lina, ndipo palibe amene anapatsidwa ntchito yoyang'ana ulendo wonse wa munthu wozigwiritsa ntchito. Chachiwiri, wogula si wogwiritsa ntchito. Komiti yogula makina osungira deta imayerekeza kukula, liwiro ndi mtengo, zinthu zolowa bwino m'tebulo la tenda. Palibe mzere wofunsa kuti munthu wotopa adzatha bwanji kusintha disiki yakufa pakati pa usiku popanda kuzula yamoyo. Chachitatu, ndipo ichi akatswiri sakonda kuchimva, ndi kunyada. Pali kamtima kakuti chida chovuta chimasiyanitsa odziwa ndi osadziwa, ndipo wofufuta deta molakwitsa akanawerenga buku la malangizo. Mtima umenewu ndi womwe uja wouza woyendetsa positi kuti vuto ndi iye.

Ndiye pali bakapu, imene ili ndi khalidwe loipa kuposa zida zonse: imalephera mwakachetechete. Pulogalamu ya malipiro ikafa, foni imalira m'mawa womwewo. Bakapu ikafa palibe amalira, chifukwa palibe amene akuifuna lero. Zili ngati nkhokwe imene mwini wake amangoiyang'ana kunja n'kumati chimanga chilimo, n'kudzaitsegula mu Febuluwale anankafumbwe atamaliza kale. Kampani ya Pixar inazionera mu 1998, pamene lamulo lofufuta linadya gawo lalikulu la mafayilo a filimu ya Toy Story 2, ndipo bakapu itatsegulidwa inapezeka yosadalirika. Filimuyo inapulumuka chifukwa mmodzi wa akatswiri ake, Galyn Susman, ankagwirira ntchito kunyumba atabereka mwana, ndipo anali ndi kope pa kompyuta yake. Ku Yunivesite ya Kyoto, mu Disembala 2021, kapulogalamu kofufuta mafayilo akale osafunika kanasinthidwa kali mkati mogwira ntchito. Kanasokonezeka n'kufufuta mafayilo pafupifupi 34 miliyoni, materabaiti 77, a magulu 14 a ofufuza, ndipo kapulogalamuko kanali mbali ya dongosolo la bakapu lomwelo. Onjezani pamenepa chikhulupiriro chofala chakuti RAID ndi bakapu. Si bakapu ayi. RAID imateteza ku kufa kwa disiki basi. Mukafufuta fayilo, imafufutika pa madisiki onse nthawi imodzi, mokhulupirika. Ndipo makope onse akakhala m'nyumba imodzi, moto umodzi umakwana, monga anaonera makasitomala ena a kampani ya OVHcloud pamene nyumba yake ya maseva ya ku Strasbourg inapsa mu Malichi 2021.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi osavuta: ikani zithunzi ndi mabatani m'malo mwa malamulo olemba, ndipo chida chizifunsa chisanafufute. Zimathandizako, koma pang'ono. Munthu amene amafunsidwa kakhumi pa tsiku ngati akutsimikiza amaphunzira kuvomera asanawerenge, ndipo tsiku la ngozi amavomeranso. Sikirini yokongola yoonetsa kanyali kobiriwira ikhoza kukhala yoopsa kuposa mizere yakuda, ngati kanyaliko kakungotanthauza kuti ntchito ya bakapu inayamba n'kutha, osati kuti zosungidwazo zikhoza kubwezedwa. Zinthu zikasokonekera, chida chobisa zamkati chimamusiya munthu m'mdima pa nthawi imene akufunitsitsa kuona. Akatswiri okana zida zophweka ali ndi mfundo pamenepa, ndipo tisawatsutse msanga.

Chida chabwino chimadziwika ndi zina. Chimatchula chinthu ndi dzina losasintha ndiponso losafanana ndi la chinzake. Chimaonetsa zimene chichite chisanazichite. Chimakana lamulo loononga kwambiri mpaka munthu atalimbikira mwadala, ndipo koposa zonse chimasiya njira yobwerera. Kampani ya Sun itatulutsa ZFS mu 2005, inaphatikiza RAID, kagawidwe ka malo ndi dongosolo la mafayilo kukhala chinthu chimodzi choyendetsedwa ndi malamulo awiri akuluakulu, zpool ndi zfs. Chidutswa chilichonse cha deta chimalembedwa ndi nambala yotsimikizira, moti chikawola pa disiki ZFS imadziwa, ndipo ngati pali kope lina imachikonza. Kutenga snapshot, chithunzi cha mmene mafayilo alili pa mphindi imeneyo, ndi kwa kanthawi kochepa, choncho munthu amatha kuitenga asanagwire ntchito yoopsa. Nayonso ZFS ili ndi minga yake: kuwonjezera disiki imodzi pa gulu la RAIDZ lomangidwa kale kunatheka mu OpenZFS mu 2025, patapita zaka makumi awiri. Komabe inasonyeza kuti chida champhamvu sichiyenera kukhala chankhanza.

Phunziro lina linachokera ku Amazon. Pa 28 Febuluwale 2017, wogwira ntchito wina ankafuna kuchotsa maseva ochepa a S3, ntchito ya kampaniyo yosungira deta, ku Northern Virginia pofufuza vuto la mabilu. Analemba molakwika mbali imodzi ya lamulo, maseva ambiri n'kuchoka, ndipo mawebusaiti ochuluka anasokonekera kwa maola pafupifupi anayi. Ngakhale tsamba la Amazon lodziwitsa anthu za mavuto linalephera kusintha, chifukwa nalonso linkadalira S3. M'lipoti lake kampaniyo sinathere pa munthuyo. Inati chidacho chinalola kuchotsa zambiri mofulumira kwambiri, ndipo inachisintha kuti chizichotsa pang'onopang'ono komanso chizikana kutsitsa maseva kupyola mlingo wofunika. Zofananazo zinachitika ndi lamulo lofufuta la rm la GNU, limene kuyambira 2006 limakana kufufuta muzu wa dongosolo lonse la mafayilo pokhapokha munthu atalemba mawu apadera. Kusintha kwake kunali kwa mizere yochepa, koma kunadikira zaka zambiri.

Kwathu kuno nkhanizi si zachilendo. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly pa nkhani ya Cashgate anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'boma pakati pa Epulo ndi Seputembala 2013, ndipo malipiro ena ankalowetsedwa mu IFMIS, dongosolo la makompyuta loyendetsera ndalama za boma, cheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Kumeneko kunali kuba, osati kuterereka kwa chala, koma khomo lake ndi lomwelo: dongosolo lolola munthu mmodzi kufufuta popanda wachiwiri kudziwa. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analanda dongosololo n'kufuna dipo. Dipo limakhala ndi mphamvu pamene mwini deta alibe kope lina limene angalidzutse yekha.

Tilinso ndi chitsanzo cha mbali inayo. Ntchito imene inadzakhala Baobab Health Trust inayambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, ndipo opanga ake anayambira pa kalaliki ndi namwino amene sanagwirepo kompyuta. Anaika masikirini ongogwira ndi chala, opanda kiyibodi, ofunsa funso limodzi pa nthawi, ndi kamakina kosindikiza sitika yomata pa kabuku ka kuchipatala. Poti magetsi athu timawadziwa, anayendetsa zonse pa mabatire. Luso lomwelo loyamba n'kuyang'ana manja a wogwiritsa ntchito silinafikebe m'kachipinda ka maseva, mmene nthawi zambiri mumakhala mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa IT wosenza zonse, kuyambira pulinta ya abwana mpaka deta ya bungwe lonse.

Mabungwe athu ambiri sapanga zida zosungira deta, amagula, choncho mphamvu yawo ili pa tsiku lolandira ntchito. Mwambo wake timaudziwa: wogulitsa amayatsa makina, amaonetsa masikirini, anthu amaomba m'manja, wapampando amasaina. Ndikanakhala m'komiti yotere sindikanasaina mpaka nditaona chinthu chimodzi. Wogulitsayo akhale pampando manja ali m'thumba. Wa IT wa bungwelo, amene adzatsale nazo, apatsidwe seva yopanda kanthu ndi bakapu ya dzulo, abweze zonse yekha potsatira malangizo olembedwa, wina akuwerenga nthawi. Paliponse pamene waima n'kufunsa, palembedwe ngati cholakwika cha dongosololo, chikonzedwe ndi wogulitsa ndalama yomaliza isanatuluke, ndipo mayeso omwewo azibwerezedwa miyezi ingapo iliyonse kontirakiti ikadalipo.